Momwe Ndinawotchera Kompyuta Poiziziritsa

Pa boma la Dedza pali khonde lina la shopu limene masiku ano ndimalilambalala. Ndimalolera kuzungulira kuseri kwa msika n'kuponda matope kusiyana n'kudutsa pamenepo. Ndipo ndikakumbuka chifukwa chake mtima umayambiranso kuwira, ngakhale kuti sindidziwa bwinobwino amene ndikumuwirira. Ndati ndikuuzeni ndekha nkhaniyi, chifukwa imene ikuyenda kunjaku anthu aithira mchere wambiri.

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Bembeke. (Ndikanakhala wa mbiri yakale kapena wa Baibulo, manyazi ake akanachepako.) Anzanga akaweruka amapita ku bawo, ena ku dimba kukathirira kabichi. Ine ndimakhala pa kompyuta n'kumasewera mpira. Kompyuta yake ndi ija ya chibokosi chokhala pansi pa tebulo, ndipo ndinaigula yogwirapo kale ntchito kwa mkulu wina wochokera ku Joni. Wosewera naye wanga ndi alamu anga a Filipo, achimwene a mkazi wanga, amene amabwera Loweruka lililonse masana kuchokera kutsidya kwa dambo.

Chaka chatha kompyutayi inayamba matenda. Gemu ikafika pokoma, osewera ankauma pa sikirini mwendo uli m'mwamba, ndipo akamadzatsitsimuka mpira unali uli kale mu golo. Fani ya m'kati inkalira ngati chigayo. Bokosi linkatentha moti mkazi wanga anayamba kuyanikapo masokosi a mwana. Kenako inkangozima yokha, osatsanzika. Tsono taganizani: kuno ndi ku Dedza, mwezi wa Juni, pamene mafuta ophikira amagwirana m'botolo ndipo munthu umagona ndi jekete. Aliyense akulira chisanu, koma chinthu chimodzi m'nyumba mwanga chikudandaula kutentha. Ndinkaona ngati chikuchita dala.

Ndinayamba kuonera makanema pa foni. Onse ankanena zinthu ziwiri: wonjezera ramu, sintha choziziritsa. Kwa amene simuzidziwa, ramu ndi timatabwa tobiriwira, totalika ngati chipeso, momwe kompyuta imaikamo zimene ikugwira pa nthawiyo, ndipo tikachepa imachita chibwibwi. Choziziritsa ndi chitsulo cha timizeremizere chokhala ndi fani, chimene chimakhala pamwamba pa pulosesa, kachipangizo kamene ndi ubongo wa kompyuta. Munthu wa m'kanema wina anasintha zonsezi m'mphindi khumi, akumwetulira, manja ake ali oyera. (Munthu ameneyo ndikadzakumana naye tili ndi nkhani.)

Lachisanu nditaweruka ndinapita pa boma, ku shopu ya mayi Nambewe, amene amakonza mafoni ndi makompyuta. Nditanena zimene ndinkafuna, iwo anandifunsa mtundu wa kompyuta yanga. Anati ramu ili mitundumitundu, ndiye ndibwere ndi bokosilo kapena ramu yakale kuti aione kaye. Zimenezi zinandinyansa. Ndinawauza kuti ine ndimaphunzitsa sayansi, sindinabwere kudzalemba mayeso, angondipatsa yatsopano kwambiri imene ali nayo. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakulunga katundu: timatabwa tiwiri, choziziritsa chachikulu, ndi kapaketi ka phala lotuwa lopaka pakati pa pulosesa ndi chitsulocho kuti kutentha kuzidutsa bwino. Anawonjezera kuti chinthu chikakana kulowa ndisachikakamize, ndibwerere. Mawu amenewa anandipeza ndili kale pa khomo, ndipo ndinawasiya pomwepo.

Tsopano muyenera kudziwa za mkazi wanga, amake Tadala. Iwo ndi namwino pa kachipatala kena, ndipo akuchita maphunziro owonjezera ali pantchito pomwepo. Kwa miyezi itatu anakhala akuyenda m'midzi masana a Lamulungu kucheza ndi amayi oyembekezera, n'kumalemba lipoti lalitali loti litumizidwe kusukulu kwawo Lolemba m'mawa. Lipotilo linali mu kompyuta yomweyi, osati kwina kulikonse.

Loweruka m'mawa anandipeza nditagwada pansi pa tebulo, sikuludiraiva ili kukamwa. Anapempha kuti ndidikire kaye akopere ntchito yawo mu fulashi. Pempho labwinobwino. Koma ine ndinali nditazula kale mawaya onse, komanso ndinamva ngati akundikayikira, monga anachitira mayi Nambewe dzulo lake.

"Mphindi khumi zokha, amake Tadala," ndinatero. "Mukamamaliza kuchapa muipeza ikuuluka."

Iwo anangoti, "Chabwino, abambo," n'kutuluka ndi beseni. Amuna okwatira mukumudziwa chabwino ameneyu.

Nditatsegula m'mbali mwa bokosi ndinapeza fumbi. Sindikunena fumbi loti n'kupukuta ndi chala. Linali lolukana ngati bulangete, litatseka fani yonse ndi timabowo tonse topumira. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kuganiza kuti mwina matenda onse ndi amenewa. Ine ndinakoka mpweya wambiri n'kuuzira ndi pakamwa. Fumbi lonse la ku Joni ndi la ku Bembeke linabwerera kumaso kwanga. Ndinayetsemula, mutu n'kugunda kunsi kwa tebulo, ndipo ndinamutukwana mkulu anandigulitsa uja pamodzi ndi kalipentala amene anakhoma tebulolo.

Maso akutuluka misozi, ndinamasula choziziritsa chakale. Chinakana kuchoka. Phala lakale linali litauma ngati simenti. Munthu wa m'kanema uja anachipotoza pang'onopang'ono, uku ndi uku, mpaka chinalola. Ine ndinaponda bokosi ndi bondo n'kukoka ngati ndikuzula chitsa m'munda. Chinachoka ndithu, koma chinabwera ndi pulosesa yomwe, itamatirira kunsi kwake. Pulosesa imakhala ndi timiyendo tambirimbiri tagolide, tating'ono kuposa tsitsi la pa mkono, ndipo tingapo tinali titagona cham'mbali ngati chimanga chogwa ndi mphepo.

Ndinatha ola lathunthu ndikuwongola timiyendoto ndi singano ndi lezala, nditayandikira pa windo kuti ndione. Zala zinali zitauma ndi chisanu. Ndikawongola kamodzi, kena n'kupindika. Singano inandibaya kawiri. Panja amake Tadala anali atamaliza kuchapa, atayanika, ndipo anali atayamba kusesa pabwalo pamene anasesapo kale m'mawa. Sanalowe, sanafunse kanthu. Kusafunsako kunkandipsetsa mtima kuposa kufunsa.

Pulosesa itabwerera m'malo mwake, inali nthawi yopaka phala latsopano lija. Kapaketi kanasowa. Ndinafufuza pa tebulo, m'matumba, m'pepala lokulungira, pansi pa mpando. Ndinakapeza kunsi kwa patapata wanga, kataphwanyika, phala lonse litapakika pa simenti kuyambira pa windo mpaka pa khomo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza ngati munthu wa sayansi. (Apa ndi pamene ndikupempha kuti ana a sukulu asawerenge.) Ndinati chofunika ndi chinthu chofewa, chopakika, ndipo chozizira. Nanga m'nyumba muno chimene chimazizira ukachiika m'kamwa n'chiyani? Ndinapita kubafa n'kukatenga mankhwala otsukira mano. Ndinafinyira pa pulosesa mulingo womwe ndimaika pa mswachi, n'kuwonjezerako pang'ono kuti zizizire kwambiri.

Choziziritsa chatsopano chinali chokongola, kunsi kwake kosalala ndi konyezimira moti ndinachita kudziyang'anirapo. Ndinachikhazika, n'kumanga. Chinali chachitali kuposa bokosi, kotero chitseko cha m'mbali sichikanatsekekanso. Ndinati palibe kanthu, mphepo ya ku Dedza izilowa yokha.

Kenako ramu. Ndinachotsa yakale bwinobwino, ndipo chimenechi ndi chinthu chokhacho chimene ndinachita bwino tsiku limenelo. Yatsopano inakana. Kathabwa ka ramu kamakhala ndi kampata kumunsi kwake, ndipo m'ngalande momwe kamalowamo mumakhala kachitunda koyenera kukumana ndi kampatako. Zanga sizinkakumana. Zinkaphonyana pang'ono chabe, ngati njere ziwiri za mpunga. Ndinatembenuza kathabwako, zinaphonyana kwambiri. Ndinabwezera, n'kukanikiza mpaka zala zinayera. Ayi ndithu.

Pamenepo mkwiyo unafika pakhosi. Ndinati anthu a ku fakitale alibe manyazi, akulephera kuboola kampata pamalo pake, ndipo mayi Nambewe akugulitsa zinthu zolakwika osaziyang'ana. Sizinandifike m'mutu kuti kampatako amakasuntha dala kuti anthu ngati ine tisalowetse ramu ya mtundu wina. Ndinatuluka n'kupita kosungira makasu. Amake Tadala anasiya kusesa n'kundiyang'ana ndikubwerera.

"Tupalo ndi la chiyani, abambo?"

"Kusalaza pang'ono," ndinayankha osaima.

Ndinakhala pa mpando, kathabwa pa bondo, n'kuyamba kupala ndi tupa lonolera makasu. Ndinakulitsa kampata mpaka kanafika pamene ndinkafuna. Ndinatero ndi kachiwiri komwe, poti chilungamo n'chofunika. Nditakanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri, timatabwa tinalowa, kwa! Kunena zoona, ndinanyada. Ndinaona kuti ndakonza cholakwa chimene akatswiri a kunja analephera kuchiona.

Nthawi imeneyo dzuwa linali litapendeka, ndipo alamu anga a Filipo anafika kudzasewera mpira monga mwa masiku onse. Anaima pa khomo n'kuyang'ana fumbi kumaso kwanga, mizere ya phala pansi, tupa pa tebulo ndi mswachi pambali pake. Anapereka moni mwaulemu n'kukhala pa mpando wakutali. Amake Tadala anabwera kudzaima pa khomo, fulashi ili m'manja. Ndinalumikiza mawaya onse, ndinawauza kuti aonetsetse, n'kudina batani.

Fani inazungulira mwakachetechete, ndipo ndinawayang'ana onse awiri monyadira. Sikirini inakhalabe bii. M'chipinda munayamba kumveka kafungo kabwino ka m'kamwa motsuka. Kenako kunabwera fungo lina, la waya wopserera. Kautsi kabuluu kanatuluka pamene panali ramu paja, kanthu kena kanalira kuti phwa, fani n'kuima. Alamu anga ndi amene anadumpha kukazula waya kukhoma, ine ndikadali chiimire chala chili pa batani.

Kenako alamu anafunsa motsitsa mawu ngati kuziziritsa kwake n'kumeneku.

"Ntchito yanga ili kuti?" anafunsa amake Tadala.

Ndinati ili m'kati momwemo, isawadetse nkhawa.

"M'kati mwa utsiwo?"

Sanakweze mawu. Ndinakumbuka masana onse a Lamulungu amene anabwera kunyumba mapazi atatupa. Mantha anandigwira. Koma ine mantha sakhalitsa, amasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo umafuna mwini wake. Ndinalengeza kuti mayi Nambewe andigulitsa katundu wachinyengo ndipo aona zakuda lero lomwe. Ndinakulunga bokosi m'chitenje n'kulisenza. Amake Tadala anavala juzi n'kunditsatira. Anandiuza momveka bwino kuti sakuperekeza ine, akuperekeza lipoti lawo. Alamu anati iwo atsala aziyang'anira nyumba, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Tinakwera njinga zamoto mpaka pa msewu waukulu, kenako minibasi. Ulendo wonse ndinali ndikukonza mawu m'mutu, kuwanola, kusankha opweteka kwambiri. Pofika pa boma ndinali nditakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndine munthu wolakwiridwa.

Loweruka masana pamalopo pamakhala anthu ambiri. Ndinatsitsa bokosi pa kauntala mwamphamvu n'kuyamba. Ndinati shopu imeneyi ndi ya akuba. Ndinati amagulitsa zinyalala zotoledwa kunja, amapusitsa anthu osaphunzira, koma lero akumana ndi munthu wodziwa. Ndinati andiwotchera kompyuta, awononga maphunziro a mkazi wanga, ndipo ndipita kupolisi. Mawu anga ndi a m'kalasi, ozolowera kufika ku benchi yomaliza. Anthu anadzaza khonde: a kabaza, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, odikira mafoni awo. Pakati pawo ndinaonamo akatekisiti a ku tchalitchi kwathu ndi makolo awiri a ana a ku sukulu kwathu, koma pamenepo ndinali nditathamanga kale kwambiri moti sindikanatha kuima.

Mayi Nambewe sanandidule mawu. Anamaliza kuthandiza munthu amene anali naye, anavala magalasi, n'kumasula chitenje. Anasolola kathabwa kamodzi ka ramu, kakuda mbali imodzi, n'kukakweza kuti kawale ndi dzuwa. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Apa mwapala ndi chiyani, aphunzitsi?"

Ndinayang'ana kudenga. Amene anayankha ndi amake Tadala, kumbuyo kwanga, momveka bwino: "Tupa lonolera makasu."

Wina pa khonde anatsokomola. Mayi Nambewe anafotokozera anthuwo, osati ine, kuti ramu imeneyi ndi ya makompyuta atsopano, yanga ndi yakale, ndipo n'chifukwa chake dzulo anandipempha kuti ndibwere ndi bokosi. Kenako anamasula choziziritsa. Anaona zoyera zija, ananunkhiza, anakwinya nkhope, n'kununkhizanso. Anapatsira bambo wina wa kabaza kuti naye anunkhize, iye n'kupatsira mnzake, ndipo chitsulo changa chinayenda khonde lonse ngati mbale ya chopereka. Chitabwerera, iwo anapukuta mankhwalawo ndi kansalu, anakanda ndi chikhadabo pakona, n'kusenda kapulasitiki kowonekera kamene kanali katamatidwa kunsi konyezimira kuja. Panali malemba ofiira. Anandipatsa kuti ndiwerengere anthu, poti ine ndi mphunzitsi. Malembawo ankati kapulasitikiko kachotsedwe chitsulo chisanaikidwe.

Mayi Nambewe anati ngakhale ramu ikanakhala yoyenera, kutentha sikukanadutsa pa pulasitikiyo. Anati thabwa lalikulu la m'kati lapsa, ramu zonse ziwiri zatha ntchito, ndipo za pulosesa aona kaye. Ndiye anasuzumira fumbi lotsala m'makona n'kunena mawu amene mpaka lero amandiwawa: kuti poyamba pomwe kompyutayi inkangofuna kabulashi ndi phala latsopano, basi.

Amake Tadala anasendera pafupi n'kufunsa za lipoti lawo. Mayi Nambewe anati zolemba sizikhala mu ramu, zimakhala m'kabokosi kena kachitsulo, ndipo ngati moto sunafikeko zilipo. Anakamasula n'kukalumikiza ku kompyuta yawo. Tinadikira. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma ine ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, akatekisiti ali pomwepo kundiyang'ana. Kenako mayina a zolemba anaoneka pa sikirini. Amake Tadala analoza ndi chala, lipoti linatseguka, masamba onse ali bwinobwino. Anakhala pa benchi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Mayi Nambewe anakopera mu fulashi, anakoperanso mu foni ya amake Tadala, n'kuwapatsa m'manja.

Ine ndinaona kuti mpata wothawira ndi umenewu. Ndinawerama pa kauntala n'kunong'ona kuti pepani mayi, kunali kupsa mtima chabe. Iwo anavula magalasi.

"Sindinamve, aphunzitsi. Ponditchula wakuba paja anamva mpaka ogulitsa kachewere. Shopu ino ndimadyetsera ana anga. Mupepese ndi mawu omwe aja."

Ndinayang'ana amake Tadala kuti andipulumutse. Iwo anali akumanga fulashi pa mfundo ya chitenje, ndipo osadzutsa mutu anati mayiwa akunena zoona.

Ndinatuluka pa khonde. Ndinaima pamaso pa anthu onse aja, n'kukweza mawu a m'kalasi omwe aja. Ndinati mayi Nambewe si akuba, katundu wawo ndi wabwino, anandichenjeza koma sindinamve, ndipo kompyuta ndaiwotcha ndekha ndi manja anga. Nditamaliza, mayi wina wa kumbuyo anati za mankhwala a mano sanazimve bwino, ndibwereze. Ndinabwereza. Anthu anaomba m'manja, ndipo akatekisiti anadzandigwira chanza n'kunena kuti kulapa kwa poyera kotere anakuona kalekale. Ndinafuna kuwaluma dzanjalo.

Lipoti linatumizidwa Lolemba m'mawa kuchokera pa kompyuta ya kuchipatala. Amake Tadala anayambiranso kundiyankhula Lachitatu. Kompyuta inakhala kwa mayi Nambewe milungu ingapo kudikira thabwa lina, ndipo pokaitenga ndinatuma alamu.

Za phunziro la nkhaniyi aliyense ali ndi maganizo ake. Amake Tadala amati ndi loti munthu azimva akauzidwa. Alamu amati ndi loti kufunsa si uchitsiru. Ndimavomera zonsezi ndi pakamwa, poti mtendere m'nyumba ndi wofunika, ngakhale kuti mumtima ndimaonabe kuti malemba ofiira aja anawalemba aang'ono kwambiri. Chimene ine ndinatolapo n'china. Kupsa mtima sindinasiye, ndipo sindikuona ngati ndidzasiya. Koma masiku ano ndikamapita kokakalipira munthu, ndimayamba ndi mawu apansipansi, ofika pa khutu lake lokha, kuti zikanditembenukira ndidzapepese monong'ona.